Homuweki ya Febby pa Foni ya a Madamu

"Maziro eyiti, amake Febby. Eyiti! Mwana uyu chaka chonse anali kuyenda kuti?"

Yotam anaponya pepala lakusukulu pamiyendo pa mkazi wake. Mainess, amene anali kutonola chimanga pamphasa, anapukuta manja pachitenje n'kulitola. Kuwerenga sadziwa, sukulu analekezera giredi thuu, koma ziro ndiye safuna sukulu kuti umuzindikire. Anawerenga ndi chala timazira tija kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo analidi asanu ndi atatu.

Febby, mwana wawo woyamba wa giredi naini, anali ataima pakhomo la khitchini, misozi ili chuchuchu. Anayesa kunena kuti homuweki zonse analemba, koma bambo ake anamudula mawu. Anamutchula wabodza, anamutchula woyendayenda, anafunsa dzina la mnyamata amene akumupusitsa. Yotam akakwiya pakamwa pake sipalowa ntchentche, ndipo tsikulo anali atakwiya zenizeni.

"Atate ake Febby, lekani kutukwana mwana," anatero Mainess. "Buku nimanyamula neka Loweruka lililonse. Nimaligwira na manja anga awa, ba Madamu ajambula, atumiza. Nimaona na maso anga."

Yotam anaseka kuseka koipa. Anati ngati zinatumizidwa ndiye kuti zinalowera kumwamba kwa angelo, chifukwa aphunzitsi sanalandire kanthu. Pepala linkanena momveka: mamakisi a homuweki zimenezo amawaphatikiza pa mayeso omaliza, ndipo wopanda mamakisiwo phunziro laulimi wagwa kale mayeso asanalembedwe. Iye sakanapitiriza kudyetsa munthu wogwa kale. Sukulu ikatsekera, milungu itatu kutsogoloku, Febby apita ku Lusaka kukalera ana kwa mng'ono wawo wa a Madamu, anansi olemera amene Yotam ankawagwirira ntchito. A Madamu anali atamuuza kale za ntchito imeneyo dzulo lake, iye akuthirira masamba kudimba kwawo.

Apa m'pamene Mainess anayamba kukayika. Pepala lafika lero, nanga za ntchito anakambirana bwanji dzulo? Funsolo analimeza, chifukwa mwamuna wake anali atatuluka kale, akumenyetsa chitseko cha malata.

Mavuto onsewa anabwera ndi nzeru za a Mubanga, aphunzitsi a zaulimi, mnyamata wa nsapato zosongoka amene anafika pasukulupo chaka chatha. Chaka chino chitayamba analengeza kuti zonyamula mabuku makumi asanu ndi awiri kupita nawo kunyumba zatha. Homuweki ankaitumiza pagulu la makolo pa WhatsApp. Pansi pa uthengawo pankakhala linki, ukaidina inkakufikitsa patsamba la kalasi pa intaneti, pamenepo n'kuikapo chithunzi cha zimene mwana walemba. Iwo akachonga, mamakisi ankakalowa okha pamndandanda wa mayina mu laputopu yawo. Pamsonkhano wa makolo, anthu a m'maploti, aja ogwira ntchito ku Lusaka amene amanga nyumba za mipanda m'mbali mwa msewu wa ku Chalimbana, anawomba m'manja mpaka kuimirira. Eni dziko, olima chimanga ndi nshawa, anangoyang'anana. Wina atafunsa za amene alibe foni yaikulu, anayankhidwa kuti abwereke kwa anansi, si paja timati mwana wa mnzako ngwako yemwe?

Kafoni ka Yotam kanali ka mabatani, komanga ndi mphira kuti batire isagwe. Anansi a foni yaikulu anali amodzi okha: a Madamu, amake Jessica, a muofesi ya boma ku Lusaka. Nyumba yawo inaima pamene kale panali munda wa nshawa wa Mainess, umene Yotam anagulitsa zaka zinayi zapitazo. Tsopano Yotam ankathirira masamba panthaka yomweyo ngati wantchito, Mainess n'kumachapa zovala Loweruka, ndipo madzi akumwa banja lonse linkatunga pampopi wa kuseri kwa mpandawo. Jessica ndi Febby anali kalasi imodzi. Choncho a Madamu atadzipereka okha kuti azitumiza homuweki ya Febby, Mainess anawagwadira pothokoza, nawapititsira ndi nkhuku yomwe.

Loweruka lotsatira Mainess anapita kukachapa atapinda pepala lija m'chitenje. Anadikira mpaka zovala zonse zili pachingwe, kenako anagwada pakhonde n'kulipereka ndi manja awiri. A Madamu analiyang'ana pamwamba pa magalasi, osalilandira. Anati zimenezi ndi za netiweki, kuno kumudzi zinthu zimasowera m'njira, iwo mbali yawo anachita, ndipo mabandulo awo anathera pa mwana wa eni popanda wowabwezera ngakhale zikomo wokwanira. Kenako anatsitsa mawu, nayamba kulankhula mokoma ngati mlaliki wa pamaliro.

"Bamake Febby, si mwana aliyense ali na mutu wa sukulu. Mumuleke ayende ku Lusaka. Azadya bwino, azavala bwino. Mufuna akakhale pano mpaka akatenge mimba?"

Mainess anayankha kuti wamva. Anabwerera kwawo chidebe chamadzi pamutu, mtima ukuwira, koma wosadziwa woti amuwirire.

Anali Febby amene anamasula thumba, Lachiwiri madzulo, awiriwo akupeta chimanga kuseri kwa nyumba. Anati pamzere wa m'mawa ahedi anaitana Jessica kutsogolo monga chitsanzo cha mwana wogwiritsa bwino ntchito njira yatsopano. A Mubanga anawerengera sukulu yonse homuweki yake imodzi, ya kasungidwe ka chimanga. Febby atamvetsera anamva mawu ake enieni: za phulusa la zitsononkho limene amayi ake amathira m'matumba, za kuluma njere kuti udziwe ngati yauma, ngakhale za anankafumbwe amene anawadyera matumba awiri chaka cha dzana. Jessica, mwana woti chimanga amachionera m'sitolo chili kale ufa, anaima kutsogolo maso ali pansi, anthu akumuwombera m'manja.

Febby anapita kwa a Mubanga nthawi yopuma kukadandaula. Anamuyankha kuti makina sanama, ndipo nsanje si mankhwala a ulesi.

Mainess anaika lichero pansi. Anafunsa mwana wake kawiri ngati akunena zoona, ndipo kawiri konse Febby analumbira. Usiku usanagwe nkhani inali itafika kwa Yotam, ndipo mkangano umene unabuka unaposa woyamba uja.

Yotam sanatsutse kuti zingakhale zoona. Chimene chinamupsetsa mtima n'chakuti mkazi wake ankafuna kupita nazo kusukulu. Anamufunsa ngati waiwala kumene amatunga madzi. Anamukumbutsa kuti kumtsinje ndi ulendo wa ola lathunthu kupita kokha, kuti mwezi wa Ogasiti uli pakhomo, kuti ntchito yakudimba ndi imene imagula sopo ndi mchere m'nyumbamo. Anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ukamuponya mwala uswa mkhate wako womwe.

"Mkhate uti?" anafunsa Mainess. "Munda munagulitsa. Manje mufuna kugulitsa na mutu wa mwana?"

"Samala pakamwa, iwe mkazi."

"Wopusa anaomba ng'oma, wochenjera navina. Mwana wanga aomba chaka chonse, wa eni avina pamzere, ndiye imwe muti tikhale chete chifukwa cha mpopi?"

Yotam anamuloza chala kumaso. Anati akangoponda pasukulu paja ndi nkhani imeneyi, adziwe kuti wadziputira yekha, ndipo asadzabwere kudzalira kwa iye. Anamutcha mbuli yosadziwa ngakhale kulemba dzina lake, yofuna kukatsutsana ndi makompyuta. Mawu amenewo anamulasa Mainess kuposa ena onse, chifukwa anali oona. Masiku atatu otsatira awiriwo sanalankhulane, mbale ankangoiika pansi wina n'kudzaitola.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lolemba m'mawa, Yotam atapita kudimba, Mainess anavala chitenje chake cha kutchalitchi, natenga buku la Febby lachikuto chobiriwira, ulendo kusukulu.

Mainess anawapeza a Mubanga m'chipinda cha aphunzitsi, laputopu patsogolo, tiyi pambali. Sanamupatse mpando. Anamvetsera theka la nkhani, akusuzumira foni yawo, kenako anafotokoza mwa ulemu wa munthu wotopa kuti tsamba la kalasi limalemba lokha dzina la amene watumiza. Pa dzina la Jessica panafika homuweki zisanu ndi zitatu, pa dzina la Febby sipanafike kanthu. Mainess atatambasula buku lija, iwo sanalikhudze n'komwe. Anati buku si umboni, mwana aliyense angathe kukopera za mnzake usiku umodzi n'kubwera nazo akulira.

Mainess anafunsa ngati iwo sadziwa kalembedwe ka ana awo. A Mubanga anakanda kukhosi. Zoona zake n'zakuti chiyambire chaka anali asanagwirepo buku la mwana aliyense m'kalasimo, ndipo sakanatha kusiyanitsa dzanja la Febby ndi la Jessica ngakhale atawaopseza ndi mfuti. Anangoti ana ndi ambiri, mayi, ndiye chifukwa chake tinabweretsa njira imeneyi.

"Nilangizeni zamene anatumiza Jessica," anatero Mainess.

Anakana, ati ntchito ya mwana wina saonetsa kholo la mwana wina. Mainess sanatsutse. Anangoyala chitenje chake chachiwiri pakhomo penipeni pa chipindacho n'kukhala pansi, miyendo tambalale, buku pamiyendo. Anati iye chimanga anatonola kale, alibe kothamangira, adikira. Aphunzitsi ofuna kutuluka anayamba kumulumpha, ena akuseka chamumtima, ndipo ana anayamba kuunjikana pawindo. Belu litalira kachiwiri, a Mubanga anausa moyo n'kutembenuza laputopu ija.

"Bwerani muone, mupite."

Mainess anawerama. Pagalasi panaoneka tsamba la buku, mizere ya buluu, zilembo zopendekera kumanja zimene iye ankaziona tsiku ndi tsiku koma osatha kuziwerenga. Kumbuyo kwa tsambalo kunkaoneka utoto wofiira wa boneti ya galimoto ya a Madamu. Ndipo pamwamba, pakona yakumanzere, panali chala chachikulu cha munthu, chakuda, chokhakhala, chikhadabo chake chong'ambika pakati kuchokera kunsonga mpaka kutsinde.

Chikhadabo chimenecho chinang'ambika ndi mpini wa khasu Mainess ali mtsikana, ndipo sichinamerenso bwino.

A Mubanga anadina chithunzi chachiwiri. Chala chomwecho, pakona yomweyo. Chachitatu, chachinayi, mpaka chachisanu ndi chitatu. Apa Mainess anakumbukira mawu amene ankawamva Loweruka lililonse ataika buku paboneti: "Gwirani apa pamwamba, mphepo ingavundukule pepala. Kwezaniko pang'ono. Ehe, pamenepo." Ankawamva ngakhale tsiku lopanda mphepo, ndipo iye ankakweza chala mokondwa, akuganiza kuti akuthandiza.

Anatsegula buku lija, naloza pakona imeneyo, n'kufunsa kuti apa palembedwa chiyani. A Mubanga anayang'ana bukulo kwa nthawi yoyamba. Anayankha motsitsa kuti ndi dzina la mwana. Febby ankalemba dzina lake pakona ya tsamba lililonse, monga anamuphunzitsira ku pulayimale.

Mainess sanalire pamenepo. Anaika chala chake pagalasi la laputopu, pafupi ndi chinzake cha m'chithunzi, kuti aphunzitsi onse amene anali ataunjikana kumbuyo aone. Manyazi amene anamugwira anali oposa mkwiyo: miyezi yonseyi mwana wake ankalemba pa nyali ya parafini, ndipo amene ankafufuta dzina lake anali mayi wake womubala. Misozi inadzatuluka ali m'njira, pafupi ndi chigayo, ndipo anailola.

Ahedi anaitanitsa msonkhano Lachinayi la mlungu wotsatira, kutatsala tsiku limodzi kuti mndandanda wa mamakisi utumizidwe. M'masiku apakatiwo a Madamu anatuma uthenga kuti Loweruka asabwere kudzachapa. Yotam anasiya kudya pakhomo.

Muofesi ya ahedi munali mipando inayi. Ahedi, bambo wonenepa wa tayi yofiira, anakhala kuseri kwa tebulo. A Madamu anakhala pampando wa khushoni, makiyi a galimoto m'manja. Yotam anakhala kumphepete kwa mpando wake, chipewa pabondo, ngati munthu wodzapepesa. Mainess anakana mpando wachinayi, naima kukhoma pamodzi ndi Febby, amene anamubweretsa ngakhale sanaitanidwe. A Mubanga anaima pawindo ndi laputopu yawo.

A Madamu ndiwo anayamba. Anati iwo ndi munthu wa Mulungu, anathandiza banja ili ndi madzi, ndi ntchito, ndi zovala zakale za Jessica, ndipo malipiro ake ndi awa, kuwanyoza pasukulu ponse. Foni ndi yawo, inalowa pa dzina la mwana wawo, iwo akanadziwa bwanji kuti zipita kwa Jessica? Mainess atafunsa kuti nanga homuweki za Jessica mwini wake zili kuti, a Madamu anayang'ana ahedi n'kunena kuti sanabwere kudzafunsidwa mafunso ndi wochapa.

Ahedi anakweza manja. Anati sukulu yawo yatchuka m'dera lonse chifukwa cha njira yatsopanoyi, alendo akubwera kudzaphunzira, ndipo sakufuna phokoso. Anali atalemba kale kalata yothetsa nkhani. Jessica asunga mamakisi ake, Febby apatsidwa theka, lokwanira kuti asagwe. Makolo asaine, nkhani ithere m'chipinda momwemo. Akakana, ndiye kuti mndandanda upita mawa momwe ulili, ndi maziro ake.

Yotam anasaina msangamsanga, asanawerenge n'komwe, nathokoza ahedi kawiri. Kenako ahedi anatsegula kabokosi ka inki yodindira n'kukakankhira kwa Mainess, pakuti ankadziwa kuti cholembera sachitha.

Mainess anatenga kalatayo, koma m'malo modinda anaipereka kwa mwana wake.

"Niwerengere. Mu Chinyanja, liwu na liwu."

Ahedi anati palibe chifukwa, afotokoza kale. Yotam anamunong'oneza mwaukali kuti asachititse manyazi. Febby anayang'ana bambo ake, nayang'ana mayi ake, n'kuyamba kuwerenga. Anamasulira bwinobwino mpaka pamzere wachitatu, pamene mawu anamuthera. Kenako anapitiriza: kalatayo inkati Febby akuvomera kuti ankakopera ntchito ya Jessica, makolo ake akupepesa, ndipo sukulu yamuchitira chifundo.

Mainess anamva mantha, tisaname. Theka linali pomwepo patebulo, lokwanira kuti mwana asapite ku Lusaka, lokwanira kuti mpopi usatsekedwe. Kukana kunali kubetcha zonse. Anayang'ana inki ija nthawi yaitali, mpaka a Madamu anayamba kugwedeza makiyi. Kenako anatseka kabokosiko n'kukabwezera kwa ahedi.

"Chala ichi chaphimba dzina la mwana wanga kaeyiti," anatero. "Sichizaphimba kachinaini."

Anatsegula buku lobiriwira patebulo, pa homuweki ya kasungidwe ka chimanga, naika chala pakona monga ankachitira paboneti. Anauza a Mubanga kuti aike chithunzi chawo pambali pake. Zinali zofanana ngati madontho awiri a madzi, mpaka kadontho ka mafuta a nyali pamzere wachisanu. Ndiye anachotsa chala, nauza ahedi kuti awerenge chimene chili pansi pake, popeza iwo ndiwo ophunzira.

Ahedi sanawerenge. Mainess anati palibe kanthu. Minibasi ya ku boma amaidziwa pokwerera, ndipo maofesi a zamaphunziro akafunsa anthu amulozera. Akayala chitenje chake pakhomo pawo monga anachitira pano, ndi buku lake, ndi chala chake, mpaka atapezeka wodziwa kuwerenga. Alendo odzaphunzira njira yatsopano aja akamupeza pomwepo.

Amene anatsegula pakamwa anali a Mubanga. Anali atatenga buku lija m'manja, akulitsegula tsamba ndi tsamba, nkhope itagwa.

"Febby," anawerenga. Anatsegula lina. "Febby." Anatembenukira kwa ahedi. "Bwana, ntchito iyi ni ya mwana uyu. Nizasintha mayina. Mulandu ni wanga, sininayang'ane."

Ahedi anawayang'ana ndi diso loti tidzaonana, koma mawu oti boma anali atawalowa kale m'mafupa. Si chilungamo chimene chinawagwira, ayi, anali mantha basi. Anang'amba kalata ija pakati, siginecha ya Yotam ili pomwepo, n'kunena kuti Jessica alemba homuweki zonse mwatsopano pamaso pa aphunzitsi. A Mubanga anakhala pansi n'kuyamba kudina. Febby anaima kumbuyo kwawo, akuona maziro akufufutika limodzilimodzi.

A Madamu anaimirira, nakonza chikwama paphewa. Sanakweze mawu. Anauza Yotam kuti makiyi a geti yakudimba awasiye kwa mlonda lero lomwe, ndipo podutsa pafupi ndi Mainess anati: "Tizaona ngati mamakisi amamweka." Panja, Jessica anali atakhala pansi pa mtengo wa mango akulira yekha. Mainess anamumvera chisoni pang'ono, pakuti nayenso anali mwana woipitsidwa ndi wamkulu, koma sanaime.

Pofika madzulo, pampopi wa kuseri kwa mpanda panali patapachikidwa loko watsopano, wonyezimira. Yotam anabwera nayo nkhaniyo yekha. Anaima pabwalo, natembenuza chidebe chopanda kanthu ndi phazi, chinagubuduka mpaka pamphasa.

"Mwawina, amake Febby. Manje tiyeni timwe dzina, tisambe dzina."

Mainess anatola chidebecho n'kuchiimika. Za ku Lusaka Yotam sanazitchulenso, pakuti ntchitoyo inali itapita limodzi ndi mpopi, koma sanayang'anenso mkazi wake kumaso, ndipo Mainess anadziwa kuti mkwiyo umenewu ukhala m'nyumbamo mpaka mvula.

M'mawa mwake kunali mphepo ya Ogasiti, yafumbi, yolowa m'maso. Mainess anamanga nkhata, natenga zidebe ziwiri, chachikulu cha pamutu ndi chaching'ono cha m'manja. Atafika pampata wa bwalo anamva mapazi kumbuyo. Anali Febby, atavala chitenje pamwamba pa yunifolomu, akuti lero sapita kusukulu, athandize kutunga, kumtsinje n'kutali.

Mainess anatsitsa zidebe. Anamuvula chitenjecho, nalowa m'nyumba, n'kutuluka ndi buku lobiriwira lija. A Mubanga anali atanena kuti kuyambira tsopano mwana wopanda foni azibweretsa buku lenilenilo patebulo pawo. Febby analilandira n'kulikumbatira pachifuwa, dzanja lake litaphimba dzina lolembedwa pamwamba pa chikuto.

Mainess anamugwira dzanjalo n'kulitsitsa.

"Gwira munsi," anatero. "Dzina lioneke."

Anadikira mpaka mwanayo atakhota panjira ya kusukulu. Kenako anasenza chidebe chake, nadutsa pafupi ndi mpanda wa a Madamu osacheuka, kulowera kumtsinje.